Amalume a agogo anadzikumbira okha ku Kibata

Kwathu munthu sadzikumbira manda. Ngakhale mwana wa malemuyo sagwira khasu, ntchito imeneyo ndi ya adzukulu, iwo ndi amene amalawirira kumanda ndi makasu ndi mapiki, amatukwana, amaseka pamaso pa anamfedwa, amagwira nkhuku ya mwini osapempha, ndipo palibe amene amawaletsa chifukwa tonse timadziwa kuti tsiku lina adzatikumbira ifenso. Ndiye agogo anga aakazi akamanena za amalume awo ankayamba ndi mawu omwewo nthawi zonse, amvekere "amalume anadzikumbira okha," kenako n'kukhala chete ngati akudikira kuti wina awatsutse.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu ameneyu anali wozungulira mutu kapena mfiti, chifukwa ndani angatenge khasu n'kuyamba kukumba dzenje lake ali moyo? Ndinadzazindikira ndili kale ku sekondale kuti agogo ankanena za ngalande za kunkhondo, maenje ataliatali aja amene asilikali ankakumba kuti abisalemo zipolopolo, ndipo amalume awowo anafera m'ngalande yotero mu Disembala 1916 pamalo otchedwa Kibata, ku Tanzania ya lero, nthawi imeneyo likadali dziko la Mjeremani. Agogo sanawaonepo n'komwe, anabadwa patadutsa zaka zoposa 20. Koma ankawatchula ngati munthu amene wangopita kudimba, abwera madzulo.

Munthuyu anali mchimwene wamkulu wa amayi awo a agogo, ndiye kwa ife a chikamwini ameneyu ndiye anali mwinimbumba, woyenera kudzakhala nkhoswe ya alongo ake, kugawa minda, kukalipira akamwini aulesi. Mudzi wathu uli kumunsi kwa phiri la Malosa chakufupi ndi Domasi, ndipo ukanyamuka tambala woyamba wapansi umafika ku Zomba dzuwa lisanafike pamutu. Zomba nthawi imeneyo ndiye inali likulu la Nyasaland, bwanamkubwa ankakhala komweko, kampu yaikulu ya asilikali inalinso komweko. Gulu lake azungu ankalitcha King's African Rifles, n'kumafupikitsa KAR, makolo athu anangopinda lilime n'kukhala Keyala basi, mpaka lero akuluakulu ena akamati "anali wa Keyala" amatanthauza munthu wouma mtima woyenda mowongoka ngati wameza mpini.

Ndinawafunsapo agogo tsiku lina kuti nanga iwowo anapitiranji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Iwe, ukuyesa anapita chifukwa chokonda mfumu ya ku Mangalande? Anaiwona kuti?" Nkhani inali yoti mu 1916 amesenjala a boma anali pakalikiliki m'midzi kugwira amuna kuti akakhale amtengatenga, onyamula katundu wa nkhondo pamutu, mpunga, ufa, mabokosi a zipolopolo, matenti a azungu, chifukwa kumene kunkamenyedwa nkhondoko misewu kunalibe ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkangofa ndi kashembe. Mafumu ankapatsidwa chiwerengero cha anthu oti apereke, akalephera ufumu unkagwedezeka, ndiye ankagwira usiku, anthu ankagona kuthengo ndi m'mapanga a phiri kuthawa. Akatswiri a mbiri amati dziko laling'ono ngati lathuli linapereka amtengatenga pafupifupi 200,000 ndi asilikali pafupifupi 19,000, tangoganizani, m'dziko limene anthu onse ndi ana omwe anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ndiye mnyamata wamphamvu ankayeza yekha, kodi ndikasenze bokosi pamutu wopanda nsapato wopanda mfuti ndikukwapulidwa chikoti, kapena ndikavale yunifomu ndizilandira malipiro pamwezi? Amalume a agogo anasankha mfuti. Ine sindingawaweruze, ndikanakhala ine mwina ndikanathawira ku Mpwitikizi, koma nakonso nkhondo yomweyo inakafika.

Makolo nkhondo imeneyi sankaitcha yoyamba ya dziko lonse ayi, zimenezo ndi za m'mabuku a kusukulu. Iwo ankati nkhondo ya chiwaya. Chiwaya chomwechi, chimene lero timaimirira pamsika kudya tchipisi ndi nyama ya mbuzi ndi kabichi wothira tsabola, kale chinali chokazingira chimanga, ndipo mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza inkalira ngati chimanga chikuthetheka pamoto, ndiye anaitcha chiwaya. Chiyambireni kudziwa zimenezi ndikaima pachiwaya mafuta akuthetheka ndimamva kenakake m'mimba, koma tchipisi ndimadyabe, tisanamizane.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandisowetsa mtendere ndikamaganiza za munthuyu, ndipo ndi bwino ndichinene. Mu Novembala 1914, patangodutsa miyezi iwiri chichitikire nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani ku Karonga ya pa 9 Seputembala ija imene magazi oyamba a anthu athu anakhetsedwa, John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akutengedwa kukafera nkhondo yosakhala yawo, kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene eni chuma ndi eni mikangano ali phee. Boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anaukira, pa 3 Febuluwale anaphedwa, ndipo ena mwa amene anatumidwa kukazinga Mbombwe, likulu lake ku Chiradzulu, anali asilikali a Keyala omwewo. Ndiye amalume a agogo analowa gulu limeneli chaka chimodzi chokha chichitikire zimenezo, Chiradzulu ndi Zomba n'pafupi, sizingatheke kuti sanamve. Pa 15 Januwale timakumbukira Chilembwe, nkhope yake ili pandalama, ndipo n'zoyenera. Koma anthu amene iye ankawalirira m'kalata muja ndi anthu ngati amalume amenewa, ndipo iwowo tinawaiwala ngati kuti kuwakumbukira ndi kuyamikira atsamunda. Ine ndimakana zimenezo. Munthu akhoza kufera nkhondo yopusa iye osakhala wopusa.

Amalume a agogo anagwera m'gulu lachiwiri la Keyala, 2 KAR. Gulu limeneli lili ndi mbiri yoseketsa mowawa. Angerezi analithetsa mu 1911 pofuna kusunga ndalama, asilikali odziwa ntchito anangouzidwa kuti bwererani kwanu, ndiye ambiri anangowoloka malire kumpoto kukalembedwa usilikali kwa Mjeremani amene ankalipira bwino. Nkhondo itavuta mu 1916 Angerezi analidzutsanso gululo n'kuyamba kulemba anyamata atsopano. Ndiye tanthauzo lake n'loti anyamata atsopanowa ankapita kukaomberana ndi adani amene ena mwa iwo anaphunzira perete ku Zomba komweko, olankhula Chiyao ndi Chinyanja ngati iwo.

Kibata ili m'mapiri a Matumbi, kumwera kwa mtsinje wa Rufiji, ukachoka kunyanja ya mchere ku Kilwa n'kulowa kumtunda. Ndi mapiri omwewo kumene kunayambira kuukira kwa Maji Maji kolimbana ndi Ajeremani mu 1905, ndiye nthaka yake inali itamwa kale magazi. Ajeremani anali atamanga boma lamiyala pamwamba pa kaphiri, Angerezi analilanda chakumapeto kwa 1916 atatsika pasitima ku Kilwa, n'kuikapo asilikali a 2 KAR pamodzi ndi gulu la ku India lotchedwa 129th Baluchis. Vuto linali loti kaphiri kameneka kazunguliridwa ndi mapiri ena otalikirapo. Kumayambiriro kwa Disembala Ajeremani anabwerera mwamphamvu, mkulu wawo Paul von Lettow-Vorbeck anabwera yekha kudzatsogolera, anakwera mapiri ozungulirawo n'kuyamba kuthira moto pansi. Anali ndi mzinga waukulu umene anauchotsa pa sitima yawo yankhondo Königsberg, imene Angerezi anaiwononga mumtsinje wa Rufiji mu Julaye 1915, koma eni ake anazula mizinga yake n'kumaikoka m'thengo ndi anthu, mazana a anthu akuda kukoka chitsulo cha pasitima kukwera nacho phiri m'matope, nawonso anali ana a eni.

Nkhondo ya ku East Africa kwambiri inali yothamangitsana m'tchire, kuyenda mitunda ndi mitunda, anthu ambiri ankafa ndi malungo, kamwazi ndi njala kuposa zipolopolo. Koma ku Kibata zinasintha, kunakhala ngati zija timaona pa zithunzi za ku France, aliyense anakumba ngalande n'kukhala momwemo masabata, waya waminga kutsogolo, mabomba oponya ndi manja usiku, kungodzutsa mutu masana chipolopolo chakupeza. Kusiyana kwake n'koti ku France kunali chisanu pamene ku Kibata inali mvula ya Disembala, ndipo aliyense wakwathu akudziwa mvula ya Disembala kuti ikagwa pa dothi lofiira la paphiri imachita zotani.

Zimene zinachitika m'ngalandemo tinazimva kudzera kwa mnzawo wa mudzi woyandikana nawo amene analembedwa naye tsiku limodzi, iyeyo anabwerako mu 1919, ndipo anakhala moyo mpaka agogo anamuona ndi maso ali mtsikana, nkhalamba yosamva khutu limodzi yokonda fodya wa nyanga. Akuti ankanena kuti chinthu choyamba chimene anapatsidwa atafika sichinali choombera koma chokumbira, ndipo amalume a agogo anali katswiri pokumba chifukwa kumudzi anazolowera kuswa mphanje, moti anzawo ankawaseka kuti iwe unabwerera ganyu. Anakumba mpaka kufika m'khosi, n'kusema kamphako m'mbali kogonamo, monga momwe adzukulu amasemera kachipinda m'manda ena, ndipo nkhalambayo akuti ikafika pamenepa inkaseka kuseka kosakoma kuja. Madzi ankadzadza mpaka m'mawondo. Matekenya anadya zala za kumapazi mpaka ena ankalephera kuima. Chakudya chinkabwera usiku ngati amtengatenga apulumuka panjira, kukacha opanda kanthu ndiye kuti sanapulumuke. Chimbudzi chinali momwemo. Ndipo ngalande za adani zinali pafupi moti usiku kukakhala bata ankamvana kutsokomola, akuti tsiku lina anamva munthu kutsidya akuimba nyimbo ya kuchinamwali m'Chiyao, nyimbo yomwe iwonso anaimba kundagala, ndipo m'ngalande monse munangoti zii, palibe anaombera mpaka nyimbo inatha. Kunja kutacha anayambiranso kuphana ngati sizinachitike.

Tsiku limene amalumewo anafa silinali la chiwembu chachikulu ayi. Kunali kutagwa mvula usiku wonse, m'mawa mzinga uja unayamba, chipolopolo chake chimodzi chinagwa m'mphepete mwa ngalande, khoma lonyowa lija linangogumuka lonse n'kukwirira anthu atatu amene anali m'kamphako. Anzawo anafukula ndi manja ndi mbale zodyera, anatulutsa mmodzi ali moyo, awiri anawapeza atapita kale. Kuwanyamula kupita nawo kwina masana sikukanatheka, ndiye sajeni anangoti bwezeranipo dothi, akumbe njira ina yolambalala. Mnzawo uja ndi amene anawawongola miyendo, kuwatseka maso, kuwafunditsa bulangete lawo lomwe, kenako n'kukankhira dothi. "Ine ndinali mdzukulu wake," akuti ankatero, "koma manda anakumba yekha." Mawu a agogo aja anachokera pamenepo. Mu Januwale 1917 Ajeremani anachoka m'mapiri amenewo, gulu linapitirira kutsogolo, ngalande zinatsala zikudzadza matope ndi udzu.

Nkhondo inapitirirabe pafupifupi zaka ziwiri. Lettow-Vorbeck anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa ku Mozambique mu Novembala 1917, anazungulira uko n'kudzatulukira ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, anadzapereka zida ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918, ku Ulaya atasiya kale kumenyana masabata awiri m'mbuyomo. Kumudzi nthawi yonseyi ankangodikira. Palibe kalata inabwera, ndipo ikanabwera ndani akanawerenga. Kenako kunabwera chimfine chija cha 1918 chimene chinatsatira asilikali ndi amtengatenga obwerera, chinapulula anthu m'midzi mpaka adzukulu anatopa kukumba, amayi awo a msilikaliyo anapita ndi chimenecho akuganizabe kuti mwana wawo ali moyo kwinakwake. Mnzawo uja pofika anapeza woti amuuze ndi kamtsikana, mlongo wa malemu, amayi awo a agogo. Anabweretsa kapu yachitsulo yophwanyika mbali imodzi ndi mabatani awiri a yunifomu. Mabataniwo anasowa kalekale, kapu ija ine ndinaimwera madzi ndili mwana osadziwa kanthu, inkakhala pamtsuko, kenako inadzabooka ankatungira chimanga cha nkhuku.

Maliro opanda mtembo ndi ovuta. Anthu anasonkhana, analira, anameta, anaphika, koma kumanda sanapite chifukwa akapita akaika chiyani. Mkazi wawo anali atadikira zaka zitatu, anamusudzula n'kukakwatiwa kwina, mwana analibe. Ndiye mbumba inatsala yopanda mwini, ndipo agogo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti dimba lathu lalikulu la kumtsinje linalandidwa chifukwa panalibe mwamuna woti akaime pabwalo. Mpaka ukalamba wawo tikadutsa pamenepo ankaloza ndi mlomo, amvekere "amalume akanakhalapo." Anthu a mbiri amawerenga akufa, koma sawerenga madimba.

Chimene nkhondo inatisiyira chooneka ndi maso ndi gule. Beni amene timavina kuno kum'mawa, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa pakati, onsewa muli perete wa asilikali, mizere, wisulo, maudindo a kapitawo ndi sajeni, zovala zoyera zosita bwino. Nkhalamba ija akuti inali mfumu ya beni m'dera lathu, ikavala jekete yake yakale n'kugwira ndodo ana ankaitsatira mudzi wonse. Koma mvula ya mabingu ikayamba inkalowa pansi pa nkhokwe n'kugwira mutu, anthu n'kumaiseka kuti yalodzedwa. Lero tikanati ndi matenda a maganizo obwera ndi nkhondo, nthawi imeneyo ankangoti Keyala inamudya mutu.

Ukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre pali chipilala chija cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi pamwamba, chikumbutso cha Keyala. Ine ndinachidutsa mwina kambirimbiri pa minibasi, kondakitala akukuwa, ine maso pa foni, ndinkangochitenga ngati chizindikiro choti tafika konzekani kutsika. Pamenepo pali mayina a asilikali a kuno amene anafa pankhondo ya chiwaya, ndipo pa nkhani imeneyi tinachitako mwayi, chifukwa zipilala za asilikali akuda za ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Mombasa zili ndi zifanizo ndi mawu okoma koma dzina la munthu palibe ngakhale limodzi. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha m'lipoti kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina kapena sanakumbukiridwe n'komwe, pamene azungu ankakumbukiridwa ndi mayina awo, ndipo nduna ya chitetezo ya Britain ya nthawiyo Ben Wallace inapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesa patatha zaka 100, chabwino, tamva. Amtengatenga aja ndiye ambiri anangokwiriridwa m'mbali mwa njira ngati katundu wowonongeka.

Mu Novembala 2018, dziko lonse likukumbukira zaka 100 chithereni nkhondo, anthu atavala timaluwa tofiira tija pachifuwa, ndinaganiza zowatenga agogo kupita nawo pachipilalapo. Sitinapite Lamulungu la mwambo, la asilikali ndi malipenga ndi akuluakulu a boma oika nkhata, agogo anakana, akuti kumeneko n'kwa anthu a nsapato. Tinapita Lachitatu lake. Anavala chitenje chawo cha Mvano, mpango woyera, ulendo wonse mu minibasi anagwira kachikwama pamiyendo osalankhula, pamene masiku onse iwo ndi amene amayambitsa nkhani ndi munthu aliyense wokhala naye pampando.

Vuto linali dzina. Anyamata ambiri polembedwa usilikali ankapereka dzina lina, la kuchinamwali, la bambo, kapena longopeka pomwepo kuti akathawa asawapeze, ndipo kalaliki ankalemba mmene khutu lake lamvera. Amalume a agogo kumudzi anali ndi dzina lawo, kukampu ankaitanidwa lina, nkhalamba ija inalitchula koma podutsa m'kamwa mwa anthu atatu linasanduka mayina awiri ofanana pang'ono. Agogo sankatha kuwerenga. Ndiye anati, "Mwana wanga, werenga onse, ndikamva ndidziwa." Ndinayamba. Dzuwa la Novembala la ku Zomba mvula isanagwe mukulidziwa, thukuta kutsika m'msana, ine ndikuwerenga dzina ndi dzina mokweza ngati aphunzitsi akuitana kaundula, mayina a Chiyao, a Chinyanja, a Chingoni, a Chilomwe, ena olembedwa mokhota moti ndinkachita kuwatchula kawiri kuti amveke ngati a munthu. Anyamata awiri a sukulu anaima kumationerera, mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu lake n'kukhala pansi.

Ndinadutsa limodzi lofanana ndi lija, agogo anangopukusa mutu. Patapita nthawi ndinafika pa lina, iwo amvekere "bwereza." Ndinabwereza. Anandiuza kuti ndiwagwire dzanja ndiliike pamene palembedwapo, anasisita zilembozo ndi chala ngati akuchotsa fumbi pankhope ya mwana. Kenako anamasula mfundo ya pakona ya chitenje, munali ufa woyera pang'ono, anagwada movutikira n'kuuthira pansi m'munsi mwa khoma, n'kundicheukira, "usakauze abusa."

Ndiye anayamba kuwauza nkhani. Amalume, ndine mwana wa mlongo wanu uja munamusiya asanamere mawere. Anakula, anabereka ana asanu ndi awiri, tatsala awiri. Amayi anu anapita ndi chimfine. Dimba lija analanda. Mtengo wa mango umene munabzala kuseri kwa nyumba unagwa ndi mphepo chaka cha njala. Uyu ndi mdzukulu wanga, amagwira ntchito ku Blantyre, sanakwatirebe, mumuuzeko. Analankhula mwina mphindi khumi, mawu wamba ngati akucheza pakhonde, osalira. Mayi wa nthochi uja ndi amene ankapukuta misozi.

Atamaliza anandigwira paphewa kuti adzuke, anasasa maondo, anamanganso mfundo ya chitenje ija ngakhale munalibe kanthu. Anagula nthochi za K200 kwa mayi uja atakangana naye mtengo kaye, n'kundipatsa imodzi.

"Tiye," anatero, "nkhuku sindinazitsekulire."